Makalata a Omvera: Phiri la Table Mountain

Kalata yoyamba yachokera ku Cape Town, kwa mayi wa ku Monkey Bay amene akugwira ntchito kumeneko. Akuti: "Bambo, Lamulungu lapitali ndinakwera Table Mountain wapansi, kudzera pa Platteklip Gorge. Miyendo ili njenjenje, ndinafika pa mulu wa miyala umene anzanga anati ndi Maclear's Beacon. Mtima unangoti kwathu. Kodi ndi Maclear yemwe uja wa ku Cape Maclear?"

Mayi, ndi yemweyo, ndipo funso lanu landikondweretsa kwabasi. Thomas Maclear anali katswiri wa nyenyezi ku Cape. Anamangitsa mulu umenewo pa ntchito yoyeza malo, ndipo pomwe munaimapo ndiye pansonga penipeni, mamita 1,086. Anali bwenzi la David Livingstone, amene atafika kunyanja kwathu anatcha dera la Chembe dzina la mnzakeyo. Komatu phirilo linali ndi eni ake kalekale: a Khoekhoe ankati Hoerikwaggo, phiri la m'nyanja. Njira munadzerayo ndi imenenso anakwerera Mpwitikizi António de Saldanha mu 1503.

Ina yachokera kwa bambo wa ku Zomba: "Ndimamva kuti pamwamba pake pamafika ngakhale agogo. Amakwera bwanji? Nanga amalisamalira ndani?"

Achimwene, agogowo amakwera ngolo yoyenda pa zingwe, imene inayamba kunyamula anthu mu 1929. Za masiku ano, zimene anaika mu 1997, pansi pake pamazungulira, moti aliyense amaona nyanja ndi mzinda womwe asanasunthe phazi. Za kasamalidwe, kwa zaka zambiri malo a phirili anali m'manja mwa eni osiyanasiyana. Mu 1998, nthawi ya Nelson Mandela, anawaphatikiza kukhala paki ya boma, ndipo dzina lakuti Table Mountain National Park linabwera mu 2004. Pamwambapo palinso madamu, monga Woodhead la 1897, ngati mmene Mulunguzi wanu alili paphiri la Zomba.

Chimandiwawa ine ndi moto, ndipo inu a ku Zomba mumaudziwa. Mu Epulo 2021 unabuka m'mbali mwa phirilo, n'kutsikira mpaka ku yunivesite ya Cape Town. Unanyeketsa nyumba yowerengeramo ya Jagger, pamodzi ndi mabuku ndi zolembedwa zambiri za mbiri ya Afirika.