Mawu a M'mawa: Phala Lodula Panayi

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Miyambo 30:8-9 mukuidziwa, pemphero lija la Aguri loti Mulungu asamupatse umphawi kapena chuma, koma chakudya chomuyenera. Sabata ino pempherolo lakhala likundikanika kutuluka pakamwa, chifukwa malipiro atha mwezi usanafike pakati, ndipo maso anga akhala akusuzumira m'mbale za anzanga a kuntchito. Choncho ndinene msanga kuti dulani phala lanu mwamtendere, ndipo lekani kuyeza la mnzanu.

Ku China, m'nthawi ya mafumu a Song, kunali Fan Zhongyan, wobadwa mu 989, amene bambo ake anamwalira iye akadali kamwana. Mbiri yake imati pamene ankaphunzira ziphunzitso za Confucius, mphunzitsi wakale wa ku China, pa kachisi wina, ankaphika phala madzulo, n'kulisiya kuti liume usiku wonse, ndipo m'mawa ankalidula panayi: zigawo ziwiri m'mawa, ziwiri madzulo, ndiwo zake masamba othira mchere. Amanenanso kuti mnzake wa pabanja lolemera atamutumizira chakudya chonona, iye sanachikhudze, poopa kuti lilime likazolowera zonona lidzayamba kunyoza phala. Apa ndi pamene pandilasa ine, pakuti ambirife sitivutika ndi njala yeniyeni ayi, koma ndi lilime lomwe linalawa za eni. Ngongole za katapila zimene zikutisowetsa tulo, zingati mwa izo tinatenga kuti tigule chakudya chotiyenera?

Mu 1015 Fan anakhoza mayeso a boma n'kuyamba ntchito m'boma. Anatsogolera ntchito yomanga khoma lotchinga madzi a m'nyanja kudera la Taizhou kuti minda ya anthu isamamire, ndipo anachotsedwa ku likulu kangapo chifukwa chodzudzula akuluakulu mosaopa. Mu 1043 anapereka kwa mfumu Renzong mfundo khumi zokonzera boma, koma pofika 1045 adani ake anali atazigwetsa. Ine ndikuona kuti kulimba mtima kumeneku kunachokera m'mbale ya phala ija, chifukwa munthu amene anaphunzira kukhuta ndi zigawo ziwiri sumuopseza ndi kumulanda udindo, ndiponso sumugula ndi chiphuphu.

Sanali Mkhristu, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi ikuyenera kutichititsa manyazi pang'ono ife amene timapempha chakudya chathu chalero tsiku lililonse. Dulani phala lanu, abale, ndipo podula musaiwale chigawo cha wamasiye wa pakhomo panu. Fan atapeza bwino sanamange nyumba yapamwamba yopumiramo. Cha mu 1050 anagula minda ya mpunga kufupi ndi Suzhou n'kuipereka ku fuko lake, kuti zokolola zake zizidyetsa osauka a m'banjamo ndi kuthandiza pa maukwati ndi pa maliro. Anamwalira mu 1052 ali pa ulendo wopita kumalo ena a ntchito, ana ake anapitiriza kusamala mindayo, ndipo inadyetsa mbumba yake kwa zaka pafupifupi 900.