Maola 11 ndi kawindo kanga

Moni abale anga nonse muli kunja kuno, ndi inu akumudzi amene mumatimvera bandulo ikalola. Lero mtima uli m'mwamba, ndikamadumphadumpha mundipirire.

Lachisanu lapitali bwana uja wandidula maola 11. Akuti m'kope mwake mulibe. Kope lakelo amalemba ndi pensulo, ndipo mukudziwa zimene pensulo imachita ikakhala m'manja mwa wolipira. Ine sindinakweze mawu. Ndinangosolola laputopu m'chikwama, n'kutsegula kawindo kanga, kapulogalamu ka pakompyuta kosunga maola anga a ntchito, ka mabatani atatu: Ndalowa, Ndatuluka, Werengera.

Kawindoko ndinapanga ndekha, eya, ine amene mukundimvayu. Buku la Python, chinenero cholembera mapulogalamu a pakompyuta, lomwe landiphunzitsa ndinalipeza likutchinga chitseko cha mnzanga wogona naye chipinda chimodzi. Chibuku chonenepa, chikuto chinachoka kalekale. Ndinkaliwerengera m'basi kusanache, anthu akuwodzera, ine chala pamzere.

Koma chinandizunza! Mzere woyamba weniweniwo, bukulo likuti import Tkinter, T wamkulu, kuitana chida cha Python chopangira mawindo ndi mabatani. Kompyuta ikukana kuti chinthu chotero kulibe. Masiku atatu ndikudziyesa mbuli, osadziwa kuti bukulo ndi la Python 2, amene eni ake anamusiya mu 2020. Mu Python 3, yemwe anatuluka mu 2008, t wake ndi wamng'ono. Chilembo chimodzi, abale. Munthu wamkulu ndevu pepeya kulephera kugona chifukwa cha chilembo.

Ndiye panabwera nkhani ya batani. Ndinalemba command=lowa() ndi timabulaketi kumapeto. Ndikangotsegula pulogalamu, iyo yalemba kale kuti ndalowa ntchito ndisanadine kalikonse, ndipo ndikadina, zii. Timabulaketito timauza Python kuti chita pompano. Ukatichotsa, batani limasunga dzina la ntchitoyo n'kudikira chala chako. Ndinaseka ndekha usiku, ndati batani ili lafanana ndi bwana wanga, kulemba zinthu zisanachitike.

Apa achinyamata mundimvere, makamaka inu ongofika kumene. Khodi ya m'buku, ndiye kuti malamulo olembera kompyuta aja, muzitayipa ndi zala zanu, mzere ndi mzere, ngakhale mukuona ngati mwaimvetsa. Maso amanama. Ine mainloop ndinaiwerenga kasanu osaimva, mpaka tsiku lomwe ndinaiwala kuilemba, windo osaoneka n'komwe. M'pamene ndinazindikira kuti mainloop ndi mlonda wa pageti: amangokhala tcheru kudikira kuti wina adine kapena alembe. Ukamugoneka ndi time.sleep, lamulo loimitsa pulogalamu kwakanthawi, windo yonse imauma gwa, Windows n'kulemba pamwamba kuti Not Responding. Wotchi yanga ya pakona pa kawindoko imayenda ndi after, yomwe imauza mlondayo kuti pakatha mamilisekondi 1000 abwere adzasinthe nthawi. Komanso pack ndi grid, njira ziwiri zoyalira mabatani pawindo, musaziphatikize mu fulemu imodzi, n'chimodzimodzi mabwana awiri pa shifiti imodzi. Musamathe Lamlungu lonse pafoni kuonera anzanu akuvina, tinabwera kudzatola kanthu kuno.

Amayi nditawauza pafoni kuti ndapanga windo, anafunsa ngati ndi ya nyumba ija tikumangayi, ndiponso ngati ili ndi galasi. Ndinangoti eya amayi, ikubwera. Foni itaduka ndinakhala kaye chete pabedi.

Tibwerere kwa bwana. Ndinadina Werengera, masiku onse n'kutsika pasikirini, ola lolowera ndi lotulukira. Anayang'ana, n'kundiyang'ana ine, akuti wakupangira ndani? Ndati manja omwewa amene amanyamula makatoni anuwa. Akuti kompyuta nayo munthu atha kuinamiza. Ndati zoona bwana, koma ilibe labala kumbuyo ngati pensulo. Anzanga kumbuyoku kugwira pakamwa.

Wabweza maola 6. Asanu otsalawo ndawaika pa Label yakeyake, kamalo kolembapo mawu pawindo, pansi pa mabatani, zilembo zofiira, fg="red", ndipo Lachisanu likubwerali laputopu ndipita nayonso.