Makalata a omvera: kodi sugar cane ndi cane sugar n'chimodzi?

Takulandirani nonse kulikonse komwe mukutimvera. Lero makalata ndi mameseji abwera ambiri zedi ndipo pafupifupi onse akufunsa za phunziro la sabata yatha lija, la mawu a Chingerezi opangidwa polumikiza mawu awiri kapena atatu, aja amati compound words. Onse sindingawerenge, nthawi siyilola, ndiye ndasankha anayi amene mafunso ake akufanana ndi a anthu ambiri.

Yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Nchalo. Akuti: "Aphunzitsi, ine ndimagwira ntchito m'munda wa nzimbe. Tinatsutsana ndi mnzanga, iye akuti sugar cane ndi cane sugar ndi chinthu chimodzi kungoti mawu atembenuzidwa, ine ndikuti ayi koma chifukwa chake ndinalephera kumufotokozera. Tiweruzeni chonde."

Bambo, mlanduwu mwawina ndi inu, ndipo ndikhalitsa pang'ono pamenepa chifukwa amene amvetse funso lanuli ndiye kuti phunziro lonse walimva. Pa Chingerezi mukaona mawu awiri aphatikizidwa, thamangirani kwa omalizawo, amenewo ndiye mwini nkhani. Oyambawo amangokuuzani mtundu wake. Sugar cane ndi cane, ndiye kuti phesi, mtundu wake wotulutsa shuga, nzimbe zomwe mukudulazo. Cane sugar ndi sugar, shuga wothira mu tiyi, kungoti wachokera ku nzimbe osati ku mbewu ina ija yotchedwa beet imene amapangira shuga ku Ulaya. China chili m'munda, china chili m'paketi.

Chimene chimatisokoneza ife ndi choti Chichewa chathu chimayenda mwa njira ina, timayamba ndi chinthucho kenako n'kufotokoza. Timati ufa wa chimanga, madzi a mvula, dziwe la nsomba, sitolo ya nsapato. Mzungu amati maize flour, rainwater, fish pond, shoe shop, chinthucho chili kumapeto. Ngakhale mawu athu ophatikiza, taonani mtolankhani, msungichuma, mkhalapakati, amayamba ndi wochitayo kenako chochitidwacho, pamene shopkeeper ndi bus driver wochitayo ali kumapeto. Ndiye mwana akamawerenga Chingerezi ndi mutu wa Chichewa amagwira mawu oyamba n'kuganiza kuti wamva, pamene tanthauzo lili patsogolo apo sanafikepo. Ine m'kalasi ndimawauza ana kuti werengani chobwerera, school bus ndi basi ya sukulu, bus stop ndi poima basi, ndipo ngakhale atakhala mawu atatu ngati maize mill owner njira ndi yomweyo, yambani kumapeto, mwini wa chigayo cha chimanga, basi mwamaliza.

Alipo ena osamvera lamuloli, ndisakubisireni. Pickpocket si thumba ayi, ndi wopisa m'thumba, ameneyu wapangidwa ngati mtolankhani wathu uja. Pineapple si apulo. Cupboard poyamba linali thabwa loikapo makapu, lero ndi kabati, ndipo p uja satchulidwa n'komwe. Amenewa mumangowaloweza, koma ndi ochepa poyerekeza ndi omvera lamulo, musataye lamulolo chifukwa cha iwowa.

Yachiwiri ndi ya mtsikana wa Fomu 4 ku Kasungu. Akuti: "Aphunzitsi ndikuopa mayeso a MANEB. Mawu ena amalemba pamodzi ngati classroom, ena motalikana ngati post office, ena amaika kamzere pakati ngati well-known. Ndingadziwe bwanji? Mabuku awiri amene ndili nawo akusiyana pa mawu amodzi omwewo, lina ice cream lina ice-cream."

Mwanawe, mantha ako ndikuwamva, paja popanda kukhoza Chingerezi satifiketi ya MSCE palibe. Koma mtima pansi, mabuku akowo palibe lonama, kungoti lina ndi lakale kapena latsatira kalembedwe kena. Mawu amenewa amasintha ndi nthawi, nthawi zambiri amayamba motalikana, kenako kamzere kaja kotchedwa hyphen, mapeto ake n'kugwirana. Ukatsegula mabuku akalekale upeza to-day ndi to-morrow zili ndi kamzere, lero palibe amalemba choncho. Mu 2007 dikishonale yotchedwa Shorter Oxford English Dictionary inachotsa kamzereka pa mawu pafupifupi 16,000, ena anawagwirizanitsa ngati bumblebee ndi crybaby, ena anawasiyanitsa, ndipo ice cream wakoyu ali m'gulu la osiyanitsidwawo. Atolankhani a Associated Press ku America nawo mu 2011 anasiya kulemba e-mail n'kuyamba email. Ndiye lamulo limodzi lokwanira mawu onse kulibe, amene angakuuze kuti lilipo akukunamiza, chofunika ndi dikishonale yatsopano ndipo kalembedwe kamene wasankha ukagwiritse kuyambira pamwamba mpaka pansi pa chimangirizo chako, osati ndime yoyamba china ndime yachitatu china.

Koma pali malo ena pomwe kusiyanako kuli ndi tanthauzo, apa ndiye pomwe ana ambiri amataya malikisi ndipo zimandiwawa chifukwa ndi zinthu zoti munthu atha kuzigwira tsiku limodzi. Everyday wogwirana amafotokoza chinthu, everyday clothes, zovala zamasiku onse. Every day wotalikana ndiye tsiku ndi tsiku, I go to school every day. Ukafuna kudziyesa ikapo single pakati, ngati every single day ikumveka bwino ndiye kuti lemba motalikana. Chimodzimodzi log in ndi login pa foni yako, wotalikanayo ndi kuchita, wogwiranayo ndi dzina la chinthu. Kwinaku ndi mawu ofotokoza akakhala patsogolo pa dzina, amafuna kamzere, a well-known teacher, a small-scale farmer. Tatenga ng'ona za mu Shire, a man-eating crocodile ndi ng'ona yodya anthu, koma ukachotsa kamzereko n'kulemba a man eating crocodile wanena kuti munthu ndiye akudya ng'ona. Kamzere kamodzi komweko.

Tipite ku Joni. Mnyamata wina wogwira ntchito ya m'gadeni ku Johannesburg watumiza meseji pa WhatsApp, akuti: "Achimwene, sabata yanga yoyamba abwana anandituma kuti ndikaike mbande mu greenhouse, ine ndinazungulira mpanda wonse kufunafuna nyumba ya penti wobiriwira osaipeza, mpaka anandilozera kanyumba kagalasi kuseri. Manyazi anandigwira. Kodi pamatchulidwe pali kusiyana?"

Achimwene manyazi achotseni, zimenezi sakuphunzitsa kawirikawiri m'sukulu zathu chifukwa timaphunzira Chingerezi cha m'buku kuposa cha m'khutu. Kusiyana kulipo ndipo khutu la Mmalawi likhoza kukumva bwinobwino, si paja mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timazisiyanitsa ndi kakwezedwe ka mawu kokha? Mawu akagwirana n'kukhala dzina limodzi, mphamvu imagwera koyamba, GREENhouse, kanyumba kolereramo mbewu kaja. Akakhala mawu awiri wamba mphamvu imapita kumapeto, green HOUSE, nyumba iliyonse yobiriwira. BLACKboard ndi bolodi ya m'kalasi ngakhale itakhala yobiriwira, black BOARD ndi thabwa lakuda lililonse. WHITE House ndi kumene amakhala pulezidenti wa America ku Washington, white HOUSE ndi nyumba yoyera ya aliyense. Si onse amene amatero, apple pie mwachitsanzo ambiri amakweza kumapeto, koma poyambira pabwino ndi pamenepo. Ndiye kumeneko mukamamva abwanawo akuti wheelbarrow, lawnmower, hosepipe, tcherani khutu mumve momwe akumenyera mbali yoyamba, inunso muzitero, muona kuti asiya kukufunsani kuti mubwereze.

Yomaliza ndi ya mayi wina wa ku Ntcheu, mphunzitsi wa pulayimale. Akuti: "Anzanga, pamsonkhano wa aphunzitsi tinagawikana, ena amati mother-in-laws ena mothers-in-law. Komanso mwana wazaka 10 timalemba a ten-years-old boy kapena bwanji?"

Mayi, zikomo pofunsa m'malo mwa ana anu. Yolondola ndi mothers-in-law, ndipo chifukwa chake ndi chomwe chija ndawauza bambo a ku Nchalo, s amapita kwa mwini nkhani. Nthawi zambiri mwini nkhaniyo ali kumapeto ndiye timati toothbrushes, classrooms, bus drivers. Koma pa apongozi apa mwini nkhani ndi mother, ali koyambirira, ochuluka ndi amayiwo osati malamulo. Momwemonso passers-by, anthu odutsa m'njira, ndi runners-up pa mpira. Pokhapo ponena za chinthu chawo ndi pomwe s amapita kumapeto, my mother-in-law's house.

Za mwanayo lembani a ten-year-old boy, year wopanda s, timizere tiwiri. Mawu okhala kutsogolo ofotokoza anzawo kawirikawiri sachulukitsidwa, n'chifukwa chake timati toothbrush ngakhale mswachiwo umatsuka mano onse, shoe shop ngakhale muli nsapato zodzaza, a two-hour meeting, a five-litre bottle. Koma mukatembenuza chiganizo n'kunena kuti the boy is ten years old, s wabwerera ndipo timizere tachoka. Alembereni ana ziganizo ziwirizo pa bolodi, china pamwamba china pansi, aziona okha pomwe pasintha.

Bambo a ku Karonga amene mwafunsa za give up ndi look after, amenewo ndi mtundu wina wa mawu, kalata yanu ndayisunga tiyamba nayo sabata yamawa nthawi ngati yomweyi.