Dola yakale ya pepala ndi maola anga awiri

Moni nonse kulikonse komwe mukundimvera. Ine lero mtima uli m'mwamba. Kuno ku Australia, abwana athu kuntchito yokolopa m'maofesi ija andidula maola awiri, akuti sindinasaine potuluka Lachisanu. Musaganize kuti ndinangowerama, ayi, ife a ku Ntcheu sitiopa munthu, ndawauza zoona zawo.

Ndiye m'basi pobwerera, agogo ena achizungu omwe timakwera nawo nthawi zambiri aona kuti nkhope yanga yakwinyika, n'kutulutsa m'chikwama dola imodzi ya pepala, yabulauni, yofewa ngati kansalu kopukutira mbale. Inu obwera kumene mwangopeza ndalama zapulasitiki. Dola ya pepalayi inatuluka mu 1966 pomwe Australia inasiya mapaundi, ndipo mu 1984 anaichotsa n'kuika yachitsulo ya makangaruu asanu ija.

Mbali ina kuli Mfumukazi Elizabeth, imeneyo tiisiye. Nkhani ili kumbuyo, komwe kuli zojambula za Aaborijini, eni nthaka a dziko lino. China mwa izo ndi cha David Malangi wa ku Arnhem Land, kumpoto kwa dziko lino, chomwe anajambula pa khungwa la mtengo, chosonyeza mwambo wa maliro a Gunmirringu, mlenje wamkulu wa makolo awo. Banki yaikulu inangotenga osam'funsa mwini wake. Tangoganizani abale, maliro a kwanu akuyenda m'matumba mwa anthu, akugulira fodya ndi mowa, inu osadziwa kanthu! Zitaululika, mkulu wa bankiyo, H.C. Coombs, anakonza zoti am'patse madola 1,000, mendulo ndi zida zowedzera nsomba. Zida zowedzera, anthuni!

N'chifukwa chake ndimakuuzani, lembani maola anu m'kabuku, jambulani pepala losainira pa foni tsiku lililonse. Musamati poti ndine mlendo ndingokhala chete. Malangi uja sanali mlendo, anabadwira konkuno, makolo ake onse konkuno, koma anam'tengera ntchito yake masanasana. Nanga inu amene munabwera ndi sutikesi imodzi ndi paketi ya usipa yomwe anakulandani pa bwalo la ndege? Usipa umenewo ndimaulirabe.

Ndinawapempha agogo aja kuti andigulitse dolayo madola asanu. Anaseka n'kukana, akuti kubanki amailandirabe ngati dola imodzi basi, koma yawoyo akusungira chidzukulu.