Uthenga pa nthenga: mmene nkhunda zinkanyamulira makalata

(Chithunzi: khola la nkhunda m'mawa, kakhomo kakutsegulidwa)

Moni nonse amene mukutionera. Aliyense amene anagulapo nkhunda kwa mnansi amalidziwa vuto ili. Mwalipira, mwazitengera kwanu, mwaziika m'khola latsopano, madeya ndi madzi zili pomwepo. Kutacha mwatsegula kakhomo, izo phururu! Pofika madzulo mwazipeza zili phee padenga la mwini wake wakale. N'chifukwa chake oweta amayamba azitsekera kaye kwa masabata angapo, mpaka zitaikira mazira ndi kuswa maunda.

Khalidwe lomweli, limene limamupweteka mutu wogula nkhunda, ndi limene mafumu, amalonda ndi asilikali anadalira kwa zaka mazanamazana potumiza makalata.

Ambiri amaganiza kuti nkhunda inkauzidwa kopita, ngati mwana womutuma kumsika. Ayi ndithu. Nkhunda imadziwa ulendo umodzi wokha, wobwerera kwawo. Mukafuna kuti uthenga ufike mumzinda wakutiwakuti, mumayenera kukhala ndi nkhunda yokulira m'khola la mumzinda umenewo. Munthu ankainyamula m'dengu, pa hatchi, pa ngamila kapena pa sitima, n'kupita nayo kutali. Tsiku la uthenga likafika, ankamanga kapepala kumwendo kapena kumchira, n'kuitaya m'mwamba. Choncho ntchito yolemetsa inali ya anthu onyamula madengu. Ya nkhunda inali kulakalaka kwawo basi.

Nanga njira imaidziwa bwanji? Imayang'ana dzuwa, ndipo m'thupi mwake ili ngati ili ndi wotchi yoithandiza kudziwa pamene dzuwalo liyenera kukhala pa ola lililonse. Imamvanso mphamvu ya maginito ya dziko lapansi. Katswiri wa ku Italy, Floriano Papi, anaonetsa m'ma 1970 kuti nkhunda yolephera kununkhiza imasokera ikatayidwa kumalo achilendo. Ikayandikira kwawo imatsata zimene maso ake anazolowera, monga mitsinje ndi misewu. Oweta nkhunda za mpikisano ali ndi nzeru ina: amailekanitsa yaimuna ndi mkazi wake, kuti ikamasulidwa isachedwe m'njira.

(Chithunzi: mapu a Syria ndi Egypt)

Ku Syria, m'zaka za m'ma 1100, wolamulira wotchedwa Nur ad-Din anakhazikitsa makola a nkhunda m'mizinda ya ufumu wake kuti mbiri ya adani izimufika msanga. Patapita zaka pafupifupi 100, Sultan Baybars wa ku Egypt anaikulitsa ntchitoyi, nsanja za nkhunda zili ndondondo kuchokera ku Cairo mpaka ku Damascus. Uthenga unkalandizanidwa: nkhunda iyi yafika pansanja yake, mlonda wamasula kapepala, wamanga pa ina ya nsanja yotsatira.

Mu 1850, Paul Julius Reuter anaona kuti waya wa telegalamu wochokera ku Berlin ukuthera ku Aachen, mzinda wa ku Germany, ndipo wopita ku Paris ukuyambira ku Brussels, ku Belgium. Pakatipo panali mpata. Iye anautseka ndi nkhunda, zimene zinkanyamula mitengo ya masheya (magawo a umwini wa makampani) mofulumira kuposa sitima ya pamtunda. Waya utalumikizidwa mu 1851 anasamukira ku London, ndipo dzina la Reuters mumalionabe pa nkhani za m'manyuzipepala mpaka lero.

Koma nkhani imene imandigwira mtima ine ndi ya ku Paris.

(Chithunzi: mzinda wa Paris mu 1870, chibaluni chikukwera)

Pa 19 September 1870, asilikali a Prussia, ufumu wa ku Germany umene unali pa nkhondo ndi France, anazinga Paris. Anthu pafupifupi 2 miliyoni anatsekeredwa mkati. Njanji zinadulidwa, mawaya anadulidwa, ngakhale waya wobisika pansi pa mtsinje wa Seine adani anaupeza. Njala itakula anthu anadya akavalo, agalu, makoswe, mpaka njovu ziwiri za kumalo osungirako nyama, Castor ndi Pollux. Panalinso njala ina imene chakudya sichithetsa: mayi osadziwa ngati mwana wake amene ali kunja kwa mzinda akali moyo.

Kutulutsa makalata anakupezera njira. Ankasoka zibaluni zikuluzikulu m'masiteshoni a sitima amene anali atangokhala, n'kuzidzaza gasi. Choyamba, chotchedwa Neptune, chinanyamuka pa 23 September. Nduna Léon Gambetta nayenso anatuluka pa chibaluni pa 7 October. Zonse pamodzi zinaposa 60. Koma chibaluni chimapita kumene mphepo yafuna, ndiye kubwerera nacho mumzinda kunali kosatheka. Anayesa kuika makalata m'mipira yachitsulo n'kuiponya mu Seine kuti madzi aikokolere ku Paris, koma palibe ndi umodzi womwe umene unafika nkhondo ili mkati.

Apa m'pamene oweta nkhunda a mumzindamo anabwera ndi madengu awo. Nkhunda za ku Paris zinkatuluka pa chibaluni, n'kukasungidwa mumzinda wa Tours, kumene kunali nthambi ya boma, makilomita pafupifupi 200 kuchokera kwawo. Uthenga ukakonzeka, ankapita nazo pa sitima kufupi ndi Paris mmene akanathera, n'kuzimasula.

Vuto linatsala limodzi. Kambalame kameneka sikanganyamule thumba la makalata. Katswiri wojambula zithunzi, René Dagron, ankadziwa kuchepetsa chithunzi mpaka kukhala kadontho. Pa 12 November anakwera chibaluni chotchedwa Niépce pamodzi ndi zipangizo zake. Chinzake chimene ananyamuka nacho limodzi, Daguerre, adani anachiwombera n'kuchigwira. Dagron anatera m'dera la adani, nazemba, mpaka anakafika ku Tours.

(Chithunzi: kafilimu kakang'ono pachikhatho, pambali pake nthenga)

Taonani mmene ankachitira. Mauthenga a anthu ankasindikizidwa pa mapepala aakulu ngati nyuzipepala. Dagron ankajambula mapepalawo pa kafilimu kopyapyala kuposa khoko la anyezi, kosafika ngakhale theka la chikhatho chanu, ndipo kafilimu kamodzi kankalowa mauthenga masauzande. Timafilimuti ankatikulunga, n'kutilowetsa m'kabowo ka nthenga ya tsekwe, kenako n'kumangirira ndi ulusi ku nthenga yolimba ya kumchira kwa nkhunda. M'Chichewa zikumveka bwino zedi: uthenga uli m'kati mwa nthenga, womangidwa pa nthenga ya mthenga. Nkhunda ikatera ku Paris, ankatambasula kafilimuko mosamala, n'kukawalitsa pakhoma ndi makina okuza zithunzi. Alembi ankakhala m'chipinda chamdima akukopera mzere ndi mzere, ndipo wamtengamakalata ankakapereka khomo ndi khomo. Mtengo wake unali masentimu 50 (timakobidi ta ku France) pa liwu lililonse, choncho anthu ankalemba mwachidule: tili bwino, mwana wabadwa, agogo atisiya.

Tisabise, nkhunda zambiri sizinafike. Dzinja la chaka chimenecho linali loopsa, chipale chofewa ndi nkhungu zinkazisocheretsa. Zina zinawomberedwa, zina zinagwidwa ndi akabawi. Pa nkhunda zoposa 300 zimene zinatuluka, zobwerera sizinafike 100. Pozindikira zimenezi, ankatumiza uthenga womwewo pa nkhunda zingapo, mobwerezabwereza, mpaka Paris itayankha pa chibaluni kuti walandiridwa. Ine ndimaona kuti nzeru yaikulu inagona pamenepa. Anavomereza kuti mthenga wawo ndi wofooka, ndipo m'malo momutaya anakonza dongosolo loganizira kufooka kwakeko. Zinapitirira choncho mpaka mzindawo unagonja pa 28 January 1871.

Mayiko a ku Ulaya anatengerapo phunziro, ndipo magulu ankhondo anayamba kuweta nkhunda zawo. Mu October 1918, pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, asilikali a America otsogoleredwa ndi Major Charles Whittlesey anazingidwa m'nkhalango ya Argonne ku France, mizinga ya anzawo omwe ikuwagwera molakwika. Nkhani yotchuka imati anatumiza nkhunda yotchedwa Cher Ami. Inafika kukhola itawomberedwa pachifuwa, diso limodzi litawonongeka, kachitini ka uthenga kali lendelende pa mwendo wothyoka. Thupi lake likusungidwa ku Smithsonian, nyumba yosungiramo zinthu zakale mumzinda wa Washington. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, pa 18 October 1943, nkhunda ina, G.I. Joe, inauluka makilomita pafupifupi 30 m'mphindi 20 kukaletsa ndege zimene zinali pafupi kuphulitsa mudzi wa Calvi Vecchia ku Italy, mmene asilikali a Britain anali atalowamo kale. Mendulo ya Dickin, imene ku Britain amapereka kwa nyama zotumikira pa nkhondo, yapita kwa nkhunda 32.

(Chithunzi: wapolisi wa ku India atanyamula nkhunda)

Mwina mukufunsa ngati panalibe njira yoti nkhunda ipite n'kubwerako. Inapezeka. Ankaizoloweretsa kugona m'khola lina koma kudya kwina. Njala ikaigwira imauluka kupita kodyera itanyamula kalata, ikakhuta imabwerera kogona itanyamula yankho. Zimatheka pa mtunda waufupi wokha, koma zimatheka.

Apolisi a m'chigawo cha Odisha ku India ankagwiritsa ntchito njira imeneyi. Anayamba kuweta nkhunda mu 1946 kuti azilumikizana ndi mapolisi akumidzi kumene kunalibe lamya. Namondwe woopsa atawomba chigawochi mu 1999, mitengo ya mawaya ili pansi, misewu itamira, nkhunda zinaulukanso ndi mauthenga. Lero ntchitoyo inatha, koma khola la apolisi ku Cuttack likadalipo, ndipo pa zikondwerero za dziko amatulutsa madengu, n'kumanga timapepala kumiyendo, n'kuzimasula.