Mawu a M'mawa: Chikhulupiriro cha Agogo ndi Banja la a Gurney

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mwadzuka bwanji? Mawu otitsogolera lero akuchokera pa 2 Timoteo 1:5, pamene Paulo akukumbukira chikhulupiriro chosanyenga chimene chinayamba kukhala mwa Loisi, agogo ake a Timoteo, ndi mwa Yunike, amayi ake, kenaka n'kuwonjezera kuti watsimikiza mtima kuti chilinso mwa Timoteo mwini wake. Mawu omalizawo ndi amene andigwira mtima, chifukwa Paulo akanatha kulekera pa agogo ndi amayi, koma anaona kuti m'pofunika kutchulanso mnyamatayo payekha. Ndikupempha kuti tilingalire vesili poyang'ana banja la a Gurney, la mumzinda wa Norwich ku England.

Banjali linali la mpingo wa Quaker, umene eni ake amautcha gulu la Abwenzi, ndipo unayamba ndi George Fox chapakati pa zaka za m'ma 1600. Anthu amenewa ankapembedza atakhala chete kufikira wina atamva kuti Mzimu wamupatsa mawu, ndipo ankakana kulumbira ngakhale pamaso pa woweruza, potsata lamulo la Yesu pa Mateyu 5:37 lakuti inde wathu akhale inde ndipo ayi akhale ayi. Ambiri anamangidwa chifukwa cha zimenezi, ndipo kholo la banjali, John Gurney, amene anabadwa mu 1655, nayenso anailawa ndende ya ku Norwich. Popeza zitseko za mayunivesite ndi za maudindo a boma zinali zotseka kwa iwo, analowa malonda. A Gurney anayamba ndi ubweya wa nkhosa ndi nsalu, ndipo pofika zaka za m'ma 1770 anali atatsegula banki, pakuti anthu ankaona kuti munthu wolola kugona m'ndende m'malo mopotoza mawu ake angathe kusungitsidwa ndalama.

Chuma chitabwera, moto wa makolo unayamba kuzirala. Mu 1786 John Gurney wina, wa m'badwo wapambuyo, anasamukira ndi banja lake m'nyumba yaikulu yotchedwa Earlham Hall. Mkazi wake Catherine anamwalira mu 1792 n'kusiya ana 11, ndipo anawo anakula akuvina, akuimba ndi kuvala zowala, zinthu zimene Abwenzi okhwimitsa mwambo ankazikana. Ku nyumba yopemphereramo ya pa Goat Lane ankapita chifukwa chokakamizidwa, ndipo ankangoyembekeza nthawi yotuluka. Pa 4 February 1798, mmodzi mwa atsikanawo, Elizabeth, wa zaka 17, anakhala pa benchi yakutsogolo atavala nsapato zapepo zomanga ndi zingwe zofiira, pakati pa anthu ovala zotuwa okhaokha. Tsikulo kunabwera mlaliki wochokera ku America, William Savery. Mtsikana wa nsapato zokongola uja anagwidwa mtima, analira kwambiri, ndipo analemba m'buku lake la tsiku ndi tsiku kuti tsikulo anamva mumtima mwake kuti Mulungu alipo. Taonani, abale: kumbuyo kwake kunali zaka zoposa 100 za makolo opemphera, ena a iwo omangidwapo chifukwa cha Khristu, komabe panafunika tsiku lake la iye mwini.

Elizabeth ameneyu ndiye amene dziko limamudziwa ndi dzina la Elizabeth Fry, atakwatiwa ndi Joseph Fry mu 1800. Mu 1813 mlaliki Stephen Grellet anamuuza zimene anaona m'ndende ya Newgate ku London, ndipo iye anapita kukadzionera yekha atanyamula zovala za makanda. Anapeza amayi pafupifupi 300 pamodzi ndi ana awo atapanikizana m'zipinda zochepa, oweruzidwa kale ndi oyembekeza mlandu ali pamodzi, akuphika, kuchapa ndi kugona malo omwewo. Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti sanasanduke ngwazi tsiku lomwelo. Panadutsa zaka zitatu zovuta pakhomo pake, za uchembere, za mavuto a ndalama ndi za maliro a mwana wake wamkazi Betsy, asanabwerere kundendeko. Atabwerera, anayamba ndi kufunsa amayiwo ngati angafune kuti ana awo aphunzire, ndipo iwo eni anasankha mkaidi mnzawo kukhala mphunzitsi. Mu 1817 anakhazikitsa bungwe la amayi othandiza akaidi a ku Newgate, amene ankawaphunzitsa kusoka ndi kuwawerengera Baibulo, ndipo mu 1818 anakapereka umboni ku komiti ya Nyumba ya Malamulo. Amayi akaidi otumizidwa ku Australia ngati chilango ankawatsatira kuzombo, n'kuwapatsa singano, ulusi ndi tizidutswa ta nsalu kuti akafike ali ndi luso m'manja. Kuyambira mu 2002, nkhope yake inakhala pa ndalama ya mapaundi 5 ya ku England kwa zaka zoposa 10.

Musaganize kuti mayiyu anayenda pa msewu wosalala. Mu 1828 banki ya mwamuna wake inagwa, ndipo Abwenzi, amene ankaona kulephera kubweza ngongole ngati kuphwanya mawu, anamuchotsa mwamunayo mumpingo. Amene ananyamula banjalo ndi ntchito ya kundende anali alongo ake a Elizabeth, makamaka Samuel ndi Joseph John Gurney. Joseph John anali wa banki komanso mlaliki, ndipo anayenda ku America kuyambira 1837 mpaka 1840. Koleji ya Earlham ku Indiana inatenga dzina la nyumba ya kwawo.

Palinso ulusi wina umene umafika kwathu kuno. Mng'ono wake wa Elizabeth, Hannah, anakwatiwa mu 1807 ndi Thomas Fowell Buxton, amene analandira ndodo kwa William Wilberforce n'kutsogolera m'Nyumba ya Malamulo nkhondo imene inabala lamulo la 1833 lothetsa ukapolo m'maiko olamulidwa ndi Britain. Pa 1 June 1840 panachitika msonkhano waukulu ku Exeter Hall ku London wokambirana maganizo a Buxton othetsa malonda a akapolo mu Africa, ndipo m'khamulo munali wophunzira zachipatala wina dzina lake David Livingstone, yemwe uja anadzafika pa nyanja yathu mu 1859.

Kwathu timati make mbuu, mwana mbuu, koma mbiri ya banjali ikutiuza kuti mwambiwu suchitika wokha. Samuel Gurney anakweza kampani yobwereketsa ndalama ya ku London yotchedwa Overend, Gurney and Company mpaka anthu ankamutcha wosungira ndalama mabanki anzake, ndipo mawu ake ankakhulupiridwa mu London yonse. Iye atamwalira mu 1856, otsala pa chiwongolero anasiya ngongole zazifupi zimene kampaniyo inkazidziwa bwino, n'kuthira ndalama za anthu m'zombo, m'njanji ndi m'malonda ena osabweza msanga. Mu 1865, zinthu zitavunda kale m'kati, anagulitsa masheya kwa anthu wamba, ndipo anthuwo anagula chifukwa cha dzina lakuti Gurney. Pa 10 May 1866 kampaniyo inaleka kulipira, ili ndi ngongole ya mapaundi pafupifupi 11 miliyoni, ndipo tsiku lotsatira khamu la anthu linadzaza msewu wa Lombard Street, aliyense akufuna kutulutsa zake m'mabanki. Mu 1869 akuluakulu a kampaniyo, kuphatikizapo mwana wa Samuel ndi mwana wa Joseph John, anaimbidwa mlandu wa chinyengo. Khoti linawapeza osalakwa, ndipo ine sindikufuna kuwonjezera pa chigamulocho, koma mbiri ya kukhulupirika imene makolo anaimanga kwa zaka zoposa 100 inatha m'zaka 10 zokha. Banki ya ku Norwich inapulumuka, ndipo mu 1896 inalumikizana ndi mabanki ena kupanga Barclays, imene nthambi zake za kuno zinaphatikizana ndi za Standard Bank mu 1971 n'kukhala National Bank of Malawi.

Ambiri a ife tikafunsidwa za moyo wathu wauzimu timayankha ndi mbiri ya kwathu: agogo anali mkulu wa mpingo, amayi anali amvano, atate ndiwo anaumba njerwa za tchalitchi cha m'mudzi. Zonsezo n'zabwino, ndipo Paulo sananyoze Loisi ndi Yunike, anawatchula mwaulemu. Koma anthu amatikongoza, amatilemba ntchito ndi kutisankha kukhala asungichuma chifukwa cha dzina la makolo athu, ndipo tikhoza kudya dzinalo pang'onopang'ono, monga munthu wotapa m'nkhokwe imene sanalime, kufikira tsiku limene dzanja likhudza pansi.

Tipemphere. Atate wakumwamba, tikukuthokozani chifukwa cha agogo ndi makolo amene anatiphunzitsa kugwada. Tikupempherera aliyense amene lero agwire ndalama za anthu ena, kaya ku ofesi, ku mpingo kapena ku banki m'khonde, kuti inde wake akhale inde. Tikukumbukiranso abale ndi alongo athu amene adzuka m'ndende za Zomba, Maula ndi Chichiri, makamaka amayi amene ali m'menemo ndi ana aang'ono, ndipo tikupempha kuti mutumize owayendera sabata ino. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.