Yaldabaoth si Satana: milungu yakale yobisala mu Homestuck

Muli bwanji nonse kumeneko? Musathawe, ndikudziwa chala chayamba kale kuyabwa. Tamvani kaye izi. Pali komiki ya pa intaneti imene imati dziko lathuli, dzuwa, nyenyezi, zonse, linalengedwa ndi ana a zaka 13 okhalira kulongolola, ndipo ntchitoyo anaigwira mothamanga mpaka kuiwononga. Mukuseka, koma ganizo loti wolenga dziko anali mmisiri wosadziwa ntchito ndi la anthu otchedwa a Gnostic, ndipo lili ndi zaka zoposa 1,800. Lero tikuona mmene linalowera mu Homestuck, ndipo pali bodza limodzi limene ndatopa nalo. Ndithana nalo lero lomwe.

Musanakhale pansi, dinani like. N'zaulere, sizidya bandulo.

Mwachangu kwa amene simuidziwa. Homestuck analemba ndi Andrew Hussie wa ku America. Inayamba pa 13 Epulo 2009 n'kutha pa 13 Epulo 2016, masamba oposa 8,000, kusakaniza zithunzi, macheza olemberana, nyimbo ndi timasewera. Mnyamata John Egbert akwanitsa zaka 13, iye ndi anzake atatu, Rose, Dave ndi Jade, ayamba gemu ya pa kompyuta yotchedwa Sburb, miyala yamoto igwa kuchokera kumwamba, dziko litha. Cholinga cha gemuyo n'kulenga chilengedwe chatsopano. Basi. Zina mukawerenge nokha. Ndiululako zakutsogolo, ndiye musadzati sindinanene.

Nanga a Gnostic ndani? Osati "agnostic", amene amati za Mulungu sitingadziwe. Awa ndi otsutsana nawo ndithu. Gnosis ndi mawu achigiriki otanthauza chidziwitso, ndipo awa anali magulu osiyanasiyana, ambiri odzitcha Akhristu, a m'zaka za m'ma 100 ndi 200, amene ankati munthu amapulumuka podziwa kumene mzimu wake unachokera. Kwa nthawi yaitali tinkawadziwa kudzera mwa adani awo, monga bishopu Irenaeus wa ku Lyon, amene analemba zowatsutsa cha m'ma 180. Kenako mu 1945, pafupi ndi Nag Hammadi ku Egypt, mlimi wina, Muhammad Ali al-Samman, akukumba dothi la manyowa, anapeza mtsuko womata pakamwa. Iye ankasimba kuti anaopa kuuswa, poganiza kuti muli chiwanda, kenako anaganiza kuti mwina muli golide, n'kuuphwanya. Munatuluka mabuku 13 a m'chinenero cha Coptic, zolembedwa zoposa 50. Ankanenanso kuti masamba ena mayi ake anasonkhezera moto. Ndikafika pamenepa mtima umandipweteka nthawi zonse.

Tiyeni tiyambe.

Choyamba, zilombo zachigiriki. Mu Sburb wosewera aliyense amapatsidwa dziko lake, ndipo pansi pake pamagona chilombo chachikulu chimene komikiyo imachitcha denizen, mwinidziko titero. John ali ndi Typheus, amene m'nthano za Agiriki ndi tate wa mphepo zowononga, ndipo dziko la John ndi la mphepo. Rose ali ndi Cetus, chinsomba chimene Perseus anapha, ndipo nyanja ya m'dziko la Rose ilibe nsomba chifukwa iye anazimaliza. Dave ali ndi Hephaestus, mulungu wosula zitsulo, m'dziko la chiphalaphala cha moto. Jade ali ndi Echidna, mayi wa zilombo. Mukayang'anitsitsa pa makompyuta a anawa, mabrawuza awo ali ndi maina omwewa kuyambira kale, gemu isanayambe n'komwe. Izi n'zosavuta, tipitirire.

Chachiwiri, Abraxas. Pali ana ena anayi amene amabwera mochedwa m'nkhaniyi, ndipo mwinidziko wa mmodzi wa iwo, Jake, ndi Abraxas. Dzinali Irenaeus analilumikiza ndi mphunzitsi Basilides wa ku Alexandria. Agiriki ankagwiritsa zilembo ngati manambala, ndiye tiyeni tiwerengere limodzi.

[Pa sikirini: zilembo zisanu ndi ziwiri, chilichonse ndi nambala yake]

1, kuphatikiza 2, kuphatikiza 100, 1, 60, 1, 200. Zakwana 365. Masiku a pa chaka, komanso chiwerengero cha miyamba imene gulu la Basilides linkaphunzitsa. Pa timiyala ta zithumwa takale, dzinali limapezeka pambali pa chinthu cha mutu wa tambala, miyendo ya njoka, chikwapu kudzanja ili, chishango kudzanja linalo. Inde, zithumwa. Aroma nawonso ankamangirira.

Chachitatu. Apa ndiye pamene pagona nkhani, khalani bwino.

Vidiyo yapita ija nditangoonetsa chithunzi cha Yaldabaoth, mwinidziko wa Dirk, mnzake wa Jake uja, komanso wa Caliborn amene timukamba kutsogoloku, chinjoka chachitali cha mutu wowala ngati dzuwa, anthu anandilembera kuti, "Achimwene, ameneyo ndi Satana, mwayamba zausataniki." Wina mpaka ananditumizira pemphero. Zikomo chifukwa cha pemphero, ndalilandira. Koma Yaldabaoth si Satana. Mu komikimo si Satana, m'mabuku akalewo si Satana. Ndipo ndikakuuzani chimene iye ali, ena mukwiya koposa.

Buku limene limafotokoza bwino nkhaniyi ndi Apocryphon of John, limene linapezeka katatu mu mtsuko wa ku Nag Hammadi uja. Limati kumwambamwamba kuli Mmodzi wosaoneka, wosafotokozeka. Kwa iye kumatuluka zamoyo zauzimu ziwiriziwiri, ndipo malo awo amatchedwa Pleroma, kutanthauza chidzalo. Wotsiriza mwa izo ndi Sophia, Nzeru. Sophia anafuna kubala yekha, osagwirizana ndi mnzake, osapempha chilolezo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Chimene chinabadwa chinali chosaoneka bwino: thupi la njoka, nkhope ya mkango, maso ngati mphezi. Mayi anachita manyazi, anamutaya kunja, n'kumuphimba ndi mtambo wowala kuti ena asamuone.

Ndiye taganizani. Mwana wakulira mu mtambo, yekhayekha. Sanaonepo wamkulu aliyense. Ali ndi mphamvu zimene anatenga kwa mayi ake, koma sakudziwa kumene zinachokera. Ayamba kulenga: olamulira omuthandiza, miyamba, dziko, kenako thupi la munthu. Akayang'ana uku ndi uku osaona wina, akuti, "Ine ndine Mulungu, palibenso wina." Amene mumawerenga Baibulo mwawazindikira mawuwa, akufanana ndi a pa Yesaya 45. Sizinangochitika. Olemba mabukuwa ankanena kuti wolenga wa mu Genesis ndi Yaldabaoth, ndipo Mulungu weniweni ali pamwamba pake patali. Mwaona chifukwa chake mabishopu anawakana? Ine sindikuti anali olondola, musandiponye miyala. Ndikuti tinene zimene analemba. Sanali kupembedza Yaldabaoth, ankamunyoza. Anamupatsa maina ena awiri: Saklas, chitsiru, ndi Samael, amene iwo anamasulira kuti mulungu wakhungu.

"Komatu ndi njoka!" Ndakumvani. Njoka ya m'munda wa Edeni ndi nkhani ina. M'buku lotchedwa Hypostasis of the Archons, la mu mtsuko womwewo, mzimu wachikazi umalowa mu njoka ija, ndipo njokayo imatchedwa mlangizi, chifukwa ikuthandiza Adamu ndi Hava kutseguka maso kuti aone amene akuwalamulira. Ndiye kuti njoka ya m'munda ikulimbana ndi Yaldabaoth, si iye ayi. Koma mu Apocryphon of John, Mpulumutsi amati amene anawachititsa kudya ndi iye mwini, ndipo njoka inangowaphunzitsa chilakolako. Mtsuko umodzi, mabuku awiri, osagwirizana. Choncho wina akakuuzani kuti "a Gnostic ankapembedza njoka" ngati kuti unali mpingo umodzi wokhala ndi katekisimu wake, mufunseni kuti gulu liti, buku liti. Muona akuyang'ana kumwamba.

Kusiyana kwake n'kotani? Satana wa mu chiphunzitso cha mipingo amadziwa Mulungu, amamuukira dala, ndipo salenga kanthu. Yaldabaoth amalenga, koma ndi mbuli. Dzina la udindo wake ndi Demiurge, lochokera ku mawu achigiriki otanthauza mmisiri. Tonse tinamuonapo mmisiri wotere. Wamanga khoma lopendekeka, chitseko sichikutsekeka, mvula yoyamba denga likudontha pa bedi penipeni, koma akudziguguda pachifuwa kuti m'dera lino palibe womuposa.

Tsopano onani zimene Hussie anachita. Yaldabaoth wa mu komiki weniweniyo sachita zambiri, amangopereka chisankho. Khalidwe la Yaldabaoth wakale lija analipereka kwa Caliborn. Caliborn wakulira m'chipinda chimodzi, womangidwa unyolo kumwendo, pa dziko lopanda anthu. Amagawana thupi limodzi ndi mlongo wake Calliope, wina akagona wina amadzuka. Gemu imafuna osewera awiri kapena kuposa, koma iye apha mlongo wake kuti asewere yekha. Mwamva? Kuchita wekha chinthu chofunika awiri, kulakwa komwe kuja kwa Sophia. Yaldabaoth amupatsa chisankho: afe modzipereka, kapena alowe m'mayesero ovuta zedi kuti apeze mphamvu zopanda malire. Mukudziwa kale chimene anasankha. Ndiye amadzakhala Lord English, mdani wamkulu wa nkhani yonse.

Mbali imene imandikomera ine ndi iyi. Chakumapeto, Caliborn alanda komikiyo n'kuyamba kuilemba yekha. Ajambulanso John ndi anzake, koma zojambula zake n'zonyansa, mizere yokhotakhota ngati nkhuku yapalasa, ndipo akudzitama kuti ndi katswiri. Akukopera dziko limene salimvetsa. Apocryphon of John imanena chimodzimodzi, kuti Yaldabaoth anapanga zake potsanzira za kumwamba zimene sanazionepo. Ameneyo si mdierekezi, abale anga. Ndi mwana wamwano amene wapeza cholembera.

Nanga Dirk? Dzina lake pa macheza ndi timaeusTestified. Timaeus ndi buku la Plato, woganiza mozama wachigiriki wakale, ndipo m'menemo ndi mmene ganizo la Demiurge linatchukira. Koma kwa Plato mmisiriyo ndi wabwino, wopanda nsanje, wofuna kuti zonse zikhale bwino. Dirk amapanga maloboti, amapanga kope la maganizo ake n'kuliika m'magalasi, amakonzera anzake moyo osawafunsa, uku akuti akuwathandiza. Dzina la mmisiri wabwino, mwinidziko wa mmisiri woipa, munthu mmodzi. Mukuti zinangogwera?

Ndapsa mtima mpaka ndaiwala malaya. Malaya a chanelo chino afika, akuda ndi oyera, linki ili m'munsimu. Amene munaitanitsa mwezi watha pepani, amene amatidindira anachedwa. Ndipo theka la inu mukuonera musanapange subscribe. Ndimaona manambala, musaganize kuti sindiona.

Chachinayi, chule. Mu Homestuck chilengedwe chonse ndi chule wamkulu, ndipo osewera amayenera kumuweta mosamala. Chathuchi anaweta ndi ma troll 12, ana a dziko lina, aliyense ndi chizindikiro chake cha zodiac. Mtsogoleri wawo Karkat, wa chizindikiro cha Cancer, anafulumizitsa ntchitoyo, ndipo pambuyo pake amavomera yekha kuti anapatsa chilengedwe chathu khansa. Milungu yathu ndi imeneyo, ana otukwanizana pa macheza. Paja amati chule anadabwa m'madzi muli mwake. Apa odabwa ndife, tili m'mimba mwa chule.

Chachisanu chinali cha Jade, amene dzina lake ndi gardenGnostic, munda ndi chidziwitso, ndipo chinthu chimene chinalowetsa John mu gemu chinali apozi amene analuma. Edeni yemweyo. Koma batire ya kamera yayamba kuphethira, ndipo magetsi kuno anapita m'mawa.

Mukafuna kuwerenga, dziwani kuti mbali zambiri zoyenda zinapangidwa ndi Flash, imene inasiya kugwira ntchito kumapeto kwa 2020, ndiye zina sizioneka mmene zinalili poyamba. Masamba 8,000 pa bandulo ya tsiku musayese, pezani Wi-Fi. Sabata yamawa tikamba za Calliope ndi chifukwa chake mtundu wawo umasanduka njoka. Lembani m'munsimu kuti mwinidziko wanu angakhale ndani. Wolemba kuti Satana ndimubweza ku mphindi yachinayi akaonerenso.